Ndikuiwala zinthu, mayi a kunyumba akuti ndapeza mkazi wina

Alangizi,

Ndikulemba kalatayi nthawi ili 2 koloko usiku, ndili m'kanyumba ka alonda pa geti la nyumba zina kumpoto kwa Johannesburg. Chonde musatchule dzina langa, chifukwa kwathu ambiri amadziwa kuti kuno ku Joni ndimagwira ntchito ya mu ofesi. Sabata yathayi mwana wanga wamkazi anayamba mayeso a Sitandade 8, ndipo ndinamulonjeza kuti ndidzamuimbira foni m'mawa wa tsiku loyamba asanapite kusukulu. Mayi ake anandikumbutsa katatu, inenso ndinalemba pa chikhatho ndi bolopeni, koma ndinakumbukira Lachinayi madzulo, mayeso ali pafupi kutha. Nditaimba, mayi akewo anangoti, "Bambo, munthu saiwala mwana wake pokhapokha atapeza ana ena," n'kudula foni.

Ndili ndi zaka 41. Ndisanabwere kuno mu 2019 ndinaphunzitsa Biology kwa zaka 9 pa sekondale ina yoyendera ku Ntcheu. Mmene ntchitoyo inathera sindifotokoza, mungodziwa kuti panali katapila. Za mapepala anga okhalira kuno musandifunsenso, koma ndikaona galimoto ya apolisi ikuyenda pang'onopang'ono ndimamva mtima ukugunda m'makutu.

Kuiwalaku sikunayambire pa mwanayu. Mwezi watha ndinaima pa renki ya matakisi ya Noord nditanyamula thumba la ufa, ndipo kwa mphindi zingapo sindinadziwe kumene ndimapita, njira imene ndayenda zaka zonsezi. Nambala yotsegulira geti, imene ndimadina kambirimbiri usiku uliwonse, inandithawa pamene galimoto zitatu zinali pamzere, ndipo tsiku lina sindinalembe mlendo m'buku, akuntchito n'kundidula R300. Ine amene ndinkaloweza mayina a ana 90 m'kalasi imodzi m'sabata ziwiri zokha! Kuchipatala namwino anandiyeza n'kupeza kuti BP yakwera, anandifunsa ngati ndimagona, kenako anati ndichepetse maganizo, ngati kuti maganizo ndi mchere woti munthu n'kuthira pang'ono.

Popeza usiku ndi wautali, ndakhala ndikuwerenga pa foni, ndipo zimene ndapeza zandiwonjezera mantha. Munthu akakhala pa nkhawa, kachigawo ka pansi pa ubongo kotchedwa hypothalamus kamatuma kachiwalo koyandikana nako kotchedwa pituitary, nakonso n'kutuma tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso kuti titulutse homoni yotchedwa cortisol. Izi ndinkaphunzitsa ndekha, koma chimene sindinkachidziwa bwino n'chakuti homoniyi imabwerera ku ubongo n'kulowa m'maselo ake, momwe muli ma receptor oilandira ngati loko ndi kiyi wake. Ma receptor amenewa alipo a mitundu iwiri. Mtundu woyamba, wotchedwa MR, umagwira cortisol mwamphamvu pafupifupi kakhumi kuposa winawo, choncho ambiri amakhala atagwira kale homoniyi ngakhale munthu ali phee. Mtundu wachiwiri, wa GR, umadzaza pamene cortisol yakwera, monga m'mawa munthu akamadzuka kapena akakumana ndi zoopsa. Mitundu yonse iwiri ndi yochuluka mu hippocampus, chigawo chimene chimathandiza kusunga zimene zangochitika ndi kukumbukira malo. Katswiri wina wa pa Rockefeller University ku New York, Bruce McEwen, ndi amene anaonetsa mu 1968 kuti hippocampus ya khoswe imakola mahomoni a nkhawa.

Akatswiri anatsekera makoswe m'timachubu tothina maola 6 pa tsiku kwa masiku 21, ndipo atayang'ana maselo a mu hippocampus anapeza kuti nthambi zake, zimene selo limalandirira uthenga kuchokera kwa anzake, zafupika ndiponso zachepa, ngati mtengo wa mango wosadzidwa. Pamene izi zikuchitika, nthambi za mu amygdala, chigawo cha mantha, zinkakula n'kuchulukana. Hippocampus yomweyo ndi imodzi mwa mabuleki ouza thupi kuti cortisol yakwana, ndiye ikafooka, woletsa amachepa. Ndikudziwa kuti ine si khoswe, koma ndimakhala m'kanyumba kano maola 12, kuyambira 6 koloko madzulo. Cortisol imayenera kutsika pakati pa usiku n'kukwera m'mawa, pamene ine pakati pa usiku ndili tcheru ndi tochi, ndipo m'mawa ndi pomwe ndikukafuna tulo.

Tulo lakelo ndilipeza kuti? M'chipinda chimene ndimachita lendi ku Rosettenville muli alamu anga, mchimwene wawo wa mayi a kunyumba, amene anabwera kuti akhale sabata ziwiri, pano ndi miyezi 8. Lendi salipira, ndipo zimenezo sindinawawerengere. Koma ndikagula mayunitsi a magetsi a sabata yonse, iwo amayatsa hita usiku wonse ndili kuntchito, ndikafika m'mawa n'kupeza palibe ngakhale owiritsira madzi a tiyi. Masana ndikagona amaonera mpira pa foni mokweza. Usipa umene mayi anga ananditumizira pa basi, umene ndinkadya pang'onopang'ono Lamulungu lokha, anaugawira anzawo osandiuza, n'kusiya pepala lokha pansi pa bedi. Tsiku limenelo ndinaponya ketulo kukhoma. Sindinawalase, ndipo sindinafune kuwalasa, koma ndinali ndisanachitepo zotero chibadwire. Iwo ndi amene anauza mlongo wawo kuti "alamu asintha, salankhula, amangokhalira foni," osanena kuti pa fonipo ndimawerenga za makoswe.

Sindikufuna kunamizira alamu zonse. Pali ndalama za feteleza za mu Novembala zimene sizinafike kumudzi, ndipo ndinanena kuti malipiro anachedwa. Sanachedwe. Sizinapite kwa mkazi, Mulungu ndi mboni, koma kumene zinapita ndikuchita manyazi kulemba, ndipo ndinasiya. Komabe mayi a kunyumba angaiwale bwanji kuti malata ali pa nyumba ija, fizi ya ana atatu ndi mankhwala a bambo awo omwe zachokera pa geti lomweli? Ndayesa kuwafotokozera za cortisol, iwo n'kundiyankha kuti ndisawaphunzitse Biology, si ana a Fomu 2. Mayi anga ondibereka akuti wina wandichita chipongwe chifukwa cha malatawo, ndipite kwa abusa akandipempherere. Palibe amene wandifunsa ngati ndadya.

Chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi ichi. Makoswe aja atasiya kutsekeredwa, nthambi za mu hippocampus zinameranso, ndipo anthu odwala matenda a Cushing, amene thupi lawo limatulutsa cortisol yochuluka kwambiri, hippocampus yawo imabwererako akalandira chithandizo. Zimenezo zinandipatsa chiyembekezo, mpaka nditawerenga kuti nthambi za mu amygdala sizinabwerere msanga, komanso kuti mwa makoswe okalamba mbali ya kutsogolo kwa ubongo sinachire ngati mwa aang'ono. Makoswewo anachira chifukwa munthu anatsegula chubu. Changa atsegule ndani? Ndikasiya ntchito ya usiku ana sadya, ndipo ya masana kwa munthu wonga ine sipezeka wamba. Ndikakwera basi pa Park Station kubwerera kumudzi, ndikafika chimanjamanja kwa anthu amene akuganiza kuti ndili ndi ofesi, ndiponso a katapila aja sanamwalire.

Ndiye ndithandizeni, Alangizi. Kodi pa zaka 41 ubongo wanga ungabwerere mwakale, kapena ndachedwa? Kodi ndibwerere kuchipatala ndikapemphe kuti andiyeze magazi, nanga ndikawauze chiyani kuti asangondipatsa mapiritsi a BP n'kundibweza? Alamu ndiwachotse bwanji popanda kuthetsa banja, pamene mlongo wawo akukhulupirira iwo kuposa ine? Za ndalama za feteleza ndiulule, kapena ndikaulula ndiye kuti ndatsimikiza zonse zimene akundiganizira? Mwina mundiuza kuti ndikubisala kumbuyo kwa sayansi, ndipo nthawi zina nanenso ndimadzifunsa choncho, chifukwa tsiku lolandira malipiro sindinaliiwalepo.

Mwanayo ndamuimbira kasanu kudzera pa foni ya mayi ake, ndipo nthawi zonse akuti wapita kumjigo, ngakhale usiku. Ali ndi zaka 13, ndipo ndi amene ndinkamunyamula pa njinga popita kusukulu. Akadzavomera kulankhula nane, ndidzamuuze kuti chiyani?

Ine wothedwa nzeru,
Johannesburg