Mwana wanga, gula thabwa tiseme bawo

Turffontein, Johannesburg

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi adzukulu. Kuno tadzuka, kungoti chisanu cha Julaye chino chalowa m'mafupa.

Amayi ako akuti atafika kwanu ku Cosmo City Lamulungu lapitali anakupeza uli khale pampando, foni kumaso, kuchokera potuluka kutchalitchi mpaka dzuwa kulowa. Ana amakukoka mkono kuti mutuluke panja, iwe n'kuwayankha kuti zosewera n'zaana, munthu wogwira ntchito masiku 6 pasabata alibe mpata wake. Kutopa kwako sindikukutsutsa. Wodzuka 4 koloko kukaima pamzere wa takisi, n'kubwerako kutada, thupi limamuphwanya. Koma foniyo sikukupumitsa. Ukaiika pansi maso akuwawa, khosi lauma, mtima uli pa lendi pomwe unali m'mawa. Ndipo taganiza za pamsika uliwonse kwathu, pansi pa mtengo wa mango paja: amene amazungulira bawo mpaka kuiwala nsima si ana ayi, ndi amuna a imvi, ena mafumu ndithu. Choncho ndikufuna m'nyumba mwako mukhale bawo, ndipo ndikuuza kapangidwe kake.

Ku sitolo ya zipangizo zomangira ukafunse thabwa la paini la 50 x 152, lija amakhomera denga. Kunenepa kwake ndi masentimita 5, mulifupi 15. Akudulire zidutswa ziwiri, chilichonse masentimita 60. Chidutswa chimodzi chidzakhala ndi mizere iwiri ya maenje 8, mbali ya munthu mmodzi, ndipo ziwirizo udzazilumikiza ndi mahinjesi awiri kuti bawo izipindika. Kuno anthu amasamuka pafupipafupi, bawo yopindika imalowa m'chikwama. Usatenge thabwa lobiriwirako. Limenelo linamizidwa m'mankhwala oteteza ku chiswe, omwe ndi poizoni, ndipo bawo imagwiridwa ndi manja omwewo odyera mtedza. Sankha lopanda mfundo, chifukwa pamfundo tchizulo imaterereka ndipo dzenje limatuluka lopotoka. Ukafika nalo kunyumba uligoneke pansi pa bedi masabata awiri. Mpweya wa Joni nyengo ino ndi wouma kwambiri, thabwa lalawisi ukalisema msanga limang'aluka pakati pa maenje ntchito utamaliza kale.

Poyeza, lemba mizere iwiri motsata utali, uliwonse masentimita 4 kuchokera m'mphepete. Pamzere uliwonse kadontho koyamba kakhale masentimita 5.5 kuchokera kumapeto, kenako kadontho pa masentimita 7 aliwonse mpaka timadontho tikwane 8. Pakadontho kalikonse jambula bwalo la masentimita 5.5 kupingasa kwake. Chotsekera botolo chachikulu chimathandiza. Kuya kwa dzenje kukhale masentimita 2.5, theka la thabwa, osapitirira.

Apa ndi pamene ambiri amaonongera. Paini amang'ambika motsata mitsempha yake, ndiye ukangoyamba kukumba pakati, chibanthu chimathamanga n'kukagumula khoma la dzenje loyandikana nalo. Yamba wadula bwalo lonse mozungulira ndi nsonga ya tchizulo, kugogoda pang'onopang'ono, kenako uzisema kuchokera m'mphepete kulowera pakati. Pansi pa dzenje pakhale ngati mbale yandiwo, posalala mozungulira, kuti zala zitatu zikalowa zizitola nkhomo zonse kamodzi. Dzenje lokhala ndi ngodya pansi limabisa nkhomo imodzi, ndipo nkhomo imodzi yotsalira imasintha masewero onse n'kuyambitsa mkangano. Dzenje lachisanu kuchokera kumanzere pamzere wakutsogolo, mbali zonse ziwiri, uliseme la ngodya zinayi: imeneyo ndiyo nyumba. Ukatha upale ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 80, umalize ndi wa 120, upake mafuta a linseed kawiri. Mafuta ophikira ayi, amanunkha pakapita nthawi ndipo amaitana mphemvu. Maenje 32 si ntchito ya tsiku limodzi. Anayi madzulo aliwonse akwana, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyembekeza thabwa kuti liume, tenga mathileyi awiri a mazira 30. Lina ulidule lisale mizere 4 ya maenje 6, linalo udulepo mizere 4 ya maenje 2, uzimate ndi tepi. Maenje ake ndi aang'ono, koma ophunzirira ana akwana.

Nkhomo zikufunika 64. Zenizeni zija zotuwa, zolimba ngati mwala, ukazipeza kwa anzathu obwera nazo kumudzi usazisiye, chifukwa kulira kwake zikamagwera m'thabwa ndi theka la kukoma kwa bawo. Zikasowa gula nzama zouma, kuno amati jugo beans. N'zobulungira bwino ndipo sizidumpha ngati timipira tagalasi, tomwe timathawa m'dzenje n'kukalowa pansi pa kabati. Uziike mufiliza masiku anayi kuti anankafumbwe afe, ndipo zisanyowe chifukwa zimafufuma. Sunga zina 10 zapadera. Wamng'ono uja akadali pamsinkhu woika chilichonse m'kamwa ndi m'mphuno, choncho mukatha kusewera muziwerenga kuti zakwana 64 musanatseke.

Ana uwayambitse ndi bawo yosavuta, ya nkhomo ziwiri m'dzenje lililonse. Munthu ali ndi mizere iwiri, maenje 16, nkhomo 32. Amatola zonse za m'dzenje limene muli ziwiri kapena kuposa, n'kumagwetsa imodziimodzi mozungulira mizere yake, kumanja kapena kumanzere monga wasankhira. Yomaliza ikagwera m'dzenje lopanda kanthu, wagona, mnzake asewere. Ikagwera momwe muli zina, amatola zonsezo n'kupitiriza. Koma ikagwera momwe muli zina pamzere wakutsogolo, ndipo dzenje loyang'anizana nalo la mnzake lili ndi nkhomo, wadya: amatenga za mnzakezo n'kuyamba kuzigwetsa kuchokera kumapeto kwa mzere wake wakutsogolo. Akadyera m'maenje awiri a kumapeto amayambira kumapeto komweko. Akadyera m'maenje anayi apakati amayambira kumapeto kumene kungamulole kupitiriza kulowera komwe amalowera. Pamene pali podya, kudya n'kokakamiza. Pamene palibe amangotakata, ndipo wotakata sadya mpaka atagona. Wagonja ndi amene mzere wake wakutsogolo watha psiti, kapena watsala ndi imodziimodzi zokhazokha.

Akagwira zimenezi mudzalowe ya akulu, yosunga nkhomo m'manja n'kumaponya imodzi ulendo uliwonse. Kwathu ambiri amaika 8 m'nyumba, ziwiriziwiri m'maenje awiri a kumanja kwake, 20 m'manja. Anzathu a ku Tanzania amaika 6 m'nyumba, 22 m'manja. Ngakhale Amalawi okhaokha, wa ku Mangochi ndi wa ku Kasungu akhoza kusiyana pa tina n'tina. Muzigwirizana malamulo nkhomo yoyamba isanagwe, osati munthu atadyedwa kale.

Chinthu chimodzi ndikuletsa ndi mtima wanga wonse: ndalama pabawo. Ikangolowapo R10, kuseka kumatha, wina amayamba kubisa nkhomo m'chikhatho, wina amabwera ndi mowa, ndipo ana omwe unawapangira bawoyo amathamangitsidwa. Ndiponso mwana usamamulekerere kuti apambane mwadala. Amazindikira. Bola umuchotsere nkhomo zinayi kumbali yako poyamba, kenako usewere moona. Anzako a kuno akadzafuna kuphunzira uwaphunzitse, nawonso akuonetse morabaraba, masewero awo a timiyala totchedwa ng'ombe, 12 mbali iliyonse. Woyandikana naye nyumba amene mwagawana masewero sakuyang'ananso ngati mlendo wamba.

Bawo imakoma ndi chotafuna. Mtedza makapu awiri uike m'chiwaya chouma pamoto wochepa, uzivundula osaleka mphindi ngati 15, mpaka khungu liyambe kusweka ndipo ukatikita kamodzi ndi zala lizichoka. Pamenepo sungunula theka la supuni yaing'ono ya mchere m'masupuni aakulu atatu a madzi, uwaze, uvundule mpaka madzi aphwe mtedza utayera mbuu. Moto ukachuluka kunja kumapserera m'kati muli mwawisi. Ukauphula umaoneka wofewa, usaubwezere pamoto, umalimba ukazizira. Chimanga chachiwisi kapena mtedza wophika, dziwa kuti Joni ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, madzi amawira asanatenthe ngati a ku Nsanje, choncho uziwonjezera nthawi. Ndipo ngati mukuwotcha mbatata pambaula, mbaulayo ikhale panja. Chaka chilichonse nyengo yachisanu anthu amafa kuno atagona ndi mbaula m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, munthu amangomva tulo. Ichi usachitenge mopepuka ngakhale kuzizire bwanji.

Mwezi wamawa ndi Ogasiti, mphepo ya kuno ikhala yayamba, ndiyo nthawi ya kaiti. Timitengo tiwiri topepuka, bango kapena nsungwi yong'alula, kena masentimita 60 kena 50. Upingasitse kakafupi pa masentimita 15 kuchokera pamwamba, pakatikati penipeni, umange zolimba ndi ulusi. Zunguliza ulusi nsonga zonse zinayi, uyale pa pulasitiki yakuda ya zinyalala, udule mosiya masentimita awiri opindira, umate ndi tepi. Manga chingwe cha masentimita 80 kuchokera nsonga yapamwamba kufika yapansi, ndipo chingwe choulutsira uchimange pachimenechi cha pamwamba pang'ono pa mphambano ya timitengo. Mchira ukhale mamita atatu, wa nsanza zopyapyala. Ikamazungulira ngati yaledzera, mchira wafupika kapena mbali imodzi yalemera. Ikamangokoka mwamphamvu osakwera, kwezako mfundo ya chingwe chala chimodzi. Ikamapepeluka yopanda mphamvu, itsitseko. Usathamange nayo: mwana aigwire mamita 20 kutsogolo kwako, mphepo ikuwombe kumsana, aisiye ikamukoka.

Malo oulutsira usankhe bwino. Ku Emmarentia ndi ku Zoo Lake kuli mabwalo aakulu olowa ulere, ndipo cha kuno kuli Rhodes Park ku Kensington. Muzipita masana kuli anthu, muli gulu. Kutali ndi mawaya a magetsi, ndipo ikakodwa pawaya isiyeni, mudzapanga ina. Milu yachikasu ya m'migodi ija imakopa chifukwa ndi yaitali ndipo pamwamba pake pamawomba mphepo, koma fumbi lake ndi loopsa m'chifuwa, ana asakwereko. Mvula ikayamba mu Okutobala kaiti ipachikidwe. Mphenzi za kuno zimabwera masana mwadzidzidzi, ndipo munthu woima pabwalo atagwira chingwe chonyowa wadziika pangozi.

Za chikulunga sindichulutsa, manja ako akuzikumbukira. Majumbo kuno ndi ogula, choncho apongozi azisunga mapepala a buledi, 30 akwana. Pakati uike nyuzipepala yofinya ngati chibakera, uzikuta pepala limodzilimodzi, mfundo iliyonse kumbali yosiyana kuti mpira usatuluke ngati papaya. Kunja uluke ukonde wa chingwe cha nayiloni, maso ake osaposa zala ziwiri. Kumata ndi moto kuja kusiye, pulasitiki yosungunuka ikadontha pakhungu imamatirira. Ukamenya nawo uyambe wawongola miyendo, pakuti munthu wa zaka zako amene wakhala chaka osathamanga nyama ya kuseri kwa ntchafu imakokeka pa mphindi zoyamba, ndipo Lolemba kuntchito sakamva zimenezo. Theka la ola likwana, zigoli zikhale njerwa ziwiri.

Chakumapeto kwa Seputembala mabulosi adzayamba kupsa m'misewu ndi m'mipanda yambiri ya mzinda uno. Akuda bii ndiwo okoma, ofiira ndi owawasa. Yala nsalu yakale pansi ugwedeze nthambi, akupsa amagwa okha. Ngati mtengo uli m'mpanda wa munthu, gogoda upemphe. Ana avale zovala zakutha chifukwa utoto wake suchoka msanga, ndipo iwenso udye nawo pomwepo, milomo ide.

Thabwa ugule Loweruka lino kuti liyambe kuuma. Pakatha masabata awiri ndibwera ndi tchizulo ziwiri ndi mwala wonolera, iwe ukonzeretu mahinjesi, sandipepa ndi pensulo. Mdzukulu wanga wamkulu uja umuuze kuti ntchito yoyeza ndi kulemba timadontho ndi yake. Amayi ako akuti nzama agula okha ku Yeoville, usavutike nazo.

Upereke moni kwa apongozi ndi ana onse.

Ndine,
Bambo ako