Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg

Achimwene,

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri, ndipo ndakondwa kumva kuti akupatsani ntchito yoyang'anira database (nkhokwe ya deta) ya pulogalamu ya PostgreSQL, ngakhale kuti mwandilembera mizere isanu yokha ngati kuti mapepala kumeneko ndi odula kuposa chambo cha ku Senga Bay. Alamu anu ndi ana ali bwino, ndipo amalume anu aja amanga nyumba yamalata.

Mwapempha malangizo, koma ine ndili ndi limodzi lokha limene landisowetsa tulo sabata yonseyi: musamakhulupirire backup (kope la deta losungira pangozi) imene simunayesepo kuibwezeretsa. Lolemba m'mawa magetsi anazima, UPS, chipangizo chopereka mphamvu magetsi akazima, inalira pang'ono n'kuzima nayo chifukwa mabatire ake afooka ndi kutentha kwa Okutobala kuno ku Salima. Seva, kompyuta yosunga database ija, itayakanso, database inadzuka bwinobwino, popeza PostgreSQL imayamba yalemba zosintha zonse mu WAL, kaundula wake wa zosintha, isanakhudze matebulo enieniwo. Mtima utakhala m'malo, ndinatsegula mafayilo a backup amene pulogalamu ya pg_dump imalemba 2 koloko usiku uliwonse, ndipo ndinapeza kuti kwa masiku 9 anali opanda kanthu, chifukwa disiki yosungirako inali itadzaza ndipo cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, inkangoyendetsa pg_dump popanda uthenga wondifikira. Manja ananjenjemera nditaganiza za mayina a alimi ndi ngongole zawo, zimene zikanatayika zonse seva ija ikanapsa tsiku limenelo.

Tsopano Lachisanu lililonse ndimabwezeretsa backup ndi pulogalamu ya pg_restore pa kompyuta yakale ija munkagwiritsa ntchito, ndimawerenga mizere ya m'matebulo akuluakulu kuti ndione ngati ikufanana ndi ya pa seva, kenako ndimakopera fayiloyo pa disiki ina yotseka ndi pasiwedi imene ndimapita nayo kunyumba. Ndikakwera kabaza pa Kamuzu Road ndimakumbatira chikwamacho ngati khanda, ndipo usiku ndimadzidzimuka 2 koloko yomweyo n'kumadzifunsa ngati fayilo yalembedwa.

Chinanso, musanalembe lamulo lofufuta (DELETE) kapena losintha (UPDATE), yambani ndi longoonetsa (SELECT) lokhala ndi chosankhira mizere (WHERE) chomwecho kuti muone mizere imene ikhudzidwe, ndipo muzitsegula ndi BEGIN kuti ROLLBACK, lamulo lobweza zosinthazo, ikupulumutseni mukalakwitsa. Mukamasamutsa deta kuchokera ku database yakale ya MySQL, onetsetsani kuti ili mu kasungidwe ka zilembo ka UTF-8, chifukwa ka latin1 kalibe chilembo cha ŵ, ndipo mayina a anthu athu amasanduka zizindikiro za mafunso.

Abwana sanavomerebe kugula mabatire atsopano, fumbi likulowabe pazenera la chipinda cha seva, ndipo fani yomwe ija munkaidandaula ikulirabe usana wonse. Ndimakusowani kwambiri madzulo ngati ano, pamene palibe wina woti aone nane mafayilowa. Pali nkhani ya ma index, ofulumizitsa kufufuza m'matebulo, imene ndimafuna ndikufotokozereni, makamaka pa tebulo la malipiro limene likuchedwa, koma magetsi azimanso.