Tiyeni tiphunzire kukhoma tokha mashelefu a m'nyumba

Mkonzi,

Ndiloleni ndilimbikitse owerenga anzanga kuti pa nthawi yopuma, monga Loweruka masana, aziyesako kukhoma okha mashelefu a matabwa osungirapo katundu. M'nyumba zambiri, makamaka za lendi, mbale, mabuku a ana ndi zovala zimakhala m'makatoni pansi, pomwe chinyontho cha m'dzinja ndi mphemvu zimaziwononga, chonsecho shelefu wamba siifuna kuti munthu akhale ndi satifiketi ya TEVETA. Sowo, hamala, tepi yoyezera, sikweya yoyezera ngodya, sandipepa ndi misomali ya mainchesi 2 ndi 3 ndi zokwanira kuyambira.

Chimene chimagwetsa mphwayi anthu ambiri ongoyamba kumene ndi matabwa aawisi. Paini wa ku Chikangawa, ku Zomba kapena ku Dedza nthawi zambiri amafika pamsika atangochekedwa kumene, ndipo thabwa lotere limadziwika chifukwa limalemera, limazizira mukaligwira, komanso utuchi wake umamata m'mano a sowo. Mukalikhoma lili choncho, shelefu imaoneka bwino sabata yoyamba, koma thabwalo likamauma limafota ndi kupindika, ndipo polumikizira pamatseguka mipata, munthu n'kuyamba kudziona ngati alibe luso pamene vuto linali la thabwa. Choncho gulani matabwa msanga, muwasanje pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, mutaika timitengo tofanana kukula pakati pa thabwa ndi linzake, kenaka muwapsinje ndi miyala pamwamba kuti aume owongoka. Padzuwa amauma mofulumira kunja kokha ndipo amang'aluka kunsonga. Kudikira masabata angapo m'chilimwe kumapulumutsa ndalama zonse zimene mwalowetsa.

Kwa anthu a lendi, ndiponso amene makoma awo ndi a zidina omwe sagwira msomali, yabwino ndi shelefu yoima yokha pa miyendo inayi ya matabwa a mainchesi 2 by 2. Matabwa awiri a mainchesi 6 by 1 ogundanizidwa amapereka malo a masentimita pafupifupi 30, okwanira mbale ndi mabuku. Ngati mudzaikapo zolemera, mpata wa pakati pa miyendo usapitirire masentimita 80, chifukwa paini wopyapyala amagonja pakati. Musanakhomerere misomali yomaliza, yezani kumbuyo kuchokera pangodya ya pamwamba kumanzere kufika ya pansi kumanja, kenaka mbali inayo. Miyezo iwiriyi ikafanana ndiye kuti shelefu yawongoka, ndipo mukhomepo thabwa lopingasa kuti isamagwedezeke. Kuti thabwa lisang'aluke pokhoma pafupi ndi nsonga, yambani mwabunthitsa msomali poumenya pang'ono ndi hamala kunsonga kwake.

Mdani wina ndi chiswe. Miyendo iime pa njerwa zowotcha kapena pa miyala yosalala, ndipo pakati pa shelefu ndi khoma pasiyidwe kampata kolowa dzanja kuti timisewu ta dothi ta chiswe tizioneka msanga. Ena amapaka oilo wakutha wa galimoto, koma ine ndinganene kuti athere kumiyendo kokha, asafike pamene padzakhale ufa ndi ziwiya zodyera. Thandala la matumba a chimanga a makilogalamu 50 limakhomedwa mwa njira yomweyi.

Ndimadandaula ndikamaona anthu akufuna mbawa, mlombwa kapena mkungudza pofuna kukhoma shelefu yoikapo mapoto. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu, ndipo ngakhale nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala oposa 50,000, yapululuka chifukwa cha moto ndi kucheka kosabzalanso. Paini, malaina, mapaleti akale ndi zidutswa zotsala kwa akalipentala zimagwira ntchitoyi bwino lomwe.

M'nyumba mokhala ana aang'ono, zolemera ziikidwe m'munsi ndipo shelefu imangidwe kumtunda ndi waya, pakuti mwana amaikwera ngati makwerero. Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi lakuti muzipatula kadanga kamodzi pamwezi kuti akalipentala odziwa ntchito azitifotokozera miyezo ndi zojambula za zinthu zosavuta ngati zimenezi.

Wowerenga wanu,
Zomba