Ana asankha okha mitu yophunzira, nanga ina ndiikane bwanji?

Bambo Mlangizi,

Ndine mphunzitsi wa kalasi 6 m'boma la Angónia. Chiyambire 2004, maphunziro a pulaimale kuno ku Mozambique amatisiyira magawo 20 pa 100 alionse a nthawi kuti tiphunzitse za kwathu kuno, zomwe timati currículo local. Ngati phunziro lili ndi mapiriyodi 5 pa sabata, imodzi ya mphindi 45 ndi yathu. Zotsalazo zimabwera zokonzeratu kuchokera ku INDE, bungwe la boma lokonza zophunzitsa m'masukulu.

Pa gawo lathuli ana ayenera kulankhulapo, osati makolo ndi a conselho de escola (komiti ya sukulu) okha. Tisanakhale pansi ku ZIP (kumene aphunzitsi a masukulu oyandikana timakumana) kugawa ntchito ya teremu, mwana aliyense amalemba mitu iwiri pa kapepala, osalembapo dzina. Kukweza manja sikuthandiza, chifukwa anyamata akuluakulu a kumbuyo akakweza, onse amangotsatira, atsikana n'kukhala duu. Kenaka mituyo timaiika m'magulu pa bolodi, ndipo uliwonse uyenera kupeza malo m'pulogalamu. Kasungidwe ka mbewu ya mbatata ya kachewere kamalowa bwino m'sayansi. Kusintha ma meticais ndi makwacha pa chipata cha Calómuè, pa malire ndi Malawi, ndi masamu enieni, ndipo ana amawagwira msanga poti amaona amayi awo akuwerengera.

Vuto lagona pa mitu imene ana ambiri amaifuna koma mphunzitsi sangaigwire yekha. Woyamba ndi gule wamkulu. UNESCO inamulemekeza mu 2005, inde, koma za kudambwe sizinenedwa pamaso pa osameta, ndipo makolo ena opemphera safuna n'komwe kuti mwana wawo azimve. Mphunzitsi akavomera, madandaulo amafika kwa ahedi kuchokera kwa amfumu kapena kumpingo. Akakana, teremu yotsatira timapepala timabwerera topanda kanthu, ana ataona kuti kufunsidwa kuja kunali kwa pakamwa chabe. Chimenechi ndicho chimandiwawa, chifukwa mwana akasiya kukhulupirira, kumubwezanso n'kovuta.

Ndithandizeni, bambo. Kodi ndiziwauziratu malire asanalembe, kapena kutero n'kuwatseka pakamwa? Kodi n'koyenera kuitana mkulu wa m'mudzi kuti adzaphunzitse nyimbo ndi kaimbidwe ka ng'oma, zachinsinsi n'kuzisiya? Nanga mutu umene wapambana ukakanidwa, ndiwafotokozere ndi mawu otani ana a zaka 12?

Ine wanu,
Mphunzitsi, Angónia