Kalata ya kwa amayi kuchokera ku Sendai

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse pakhomopo. Kuno ku Japan kwayamba kuzizira, koma ntchito kufakitale ya nsomba ikuyenda. Ndalama ya feteleza ndatumiza kwa achimwene.

Ndamva kuti mwamuletsa mdzukulu wanu kusewera mpira wamanja, ati ndi wamfupi ndiponso sukulu imukanika. Mwamulera ndinu, ndipo sindingakuphunzitseni kulera, komabe ndikupempha mumve kaye za mtsikana wina amene anaphunzira mumzinda uno wa Sendai.

Dzina lake ndi Misaki Matsutomo, wobadwa mu 1992 ku Tokushima. Masewera ake ndi badminton. Amamenyerana kampira ka nthenga pamwamba pa neti, awiri uku, awiri uko. Ali kusekondale ya St. Ursula kunoko, mu 2007, aphunzitsi anamuphatikiza ndi Ayaka Takahashi wa ku Nara, yemwe anali patsogolo pake ndi kalasi imodzi. Sukulu anamaliza onse awiri, kenako kampani ya Nihon Unisys inawatenga kuti aziisewerera.

Matsutomo ndi wochepa thupi, Amayi, ngati mwana wathuyo. Ndiye anagawana ntchito: Takahashi kumbuyo, kumenya kampirako mwamphamvu, iye kutsogolo pafupi ndi neti, kuwerenga maganizo a adani ndi kukagwetsera pamene palibe munthu. Pofika 2014 anali nambala wani padziko lonse, ndipo mu 2016 anatenga chikho cha All England.

Mayi wina wachikulire amene timatumbula naye nsomba anandionetsa pafoni masewera awo omaliza a Olympics ku Rio, a 2016. Ankalimbana ndi Christinna Pedersen ndi Kamilla Rytter Juhl a ku Denmark, akazi ataliatali. Chigawo choyamba analuza 18-21, chachiwiri anapambana 21-9. M'chigawo chachitatu anatsalira 16-19, a Denmark atangotsala ndi mapointi awiri kuti atenge golide. Mayiyo anaika chala pafonipo kuti ndione nkhope ya Matsutomo. Sanali kunjenjemera ngakhale pang'ono. Kuchokera pamenepo anatenga mapointi asanu motsatizana, mpaka 21-19. Aka kanali koyamba kuti Japan ipate golide wa Olympics pa badminton. Mayiyo amadziwa kale mathero ake, koma tiyi wake anazizira m'kapu.

Zowawa zinalipo, sindikubisirani. Ku Olympics, pa mpikisano wa akazi awiriawiri, dziko limodzi limaloledwa mapeya awiri okha. Pamene masewerawo amabwera kwawo ku Tokyo, mapeya ena awiri a ku Japan komweko anali atawapitirira, moti eni golide anatsala. Takahashi anapuma mu 2020, atasewera ndi mnzakeyo zaka 13. Matsutomo sanaleke. Anapitiriza m'masewera a mwamuna ndi mkazi pamodzi ndi Yuki Kaneko, yemwe anakwatira Takahashi yemweyo.

Sindikunena kuti wathuyo adzafika kumeneko. Chimene chikundipweteka n'chakuti aleke chinthu chimene amachikonda chifukwa cha msinkhu, iye asanaone kumene mphamvu zake zingathere. Muloleni azipita kubwalo Lachitatu ndi Loweruka, akatha kutunga madzi ndi kulemba za kusukulu. Mayeso akayamba kutsika, mundiuze, ndidzalankhula naye ndekha.

Achimwene ajambule phazi lake papepala, ayeze, anditumizire pa WhatsApp kuti ndimugulire nsapato zomukwana. Mupereke moni kwa azakhali ndi onse a kutchalitchi.

Ndine mwana wanu,
Mayi wa mdzukulu wanu