Galimoto yakale ikakana kulira, yambani mwayeza tisanagule sipeyala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaulire amakanika athu a mu Blantyre muno pa khalidwe limene likutithera ndalama ife eni galimoto zakale, makamaka zija zaliwiro za m'ma 1980 ndi 1990 monga Toyota Celica ndi MR2, Honda Prelude, Nissan 200SX ndi BMW 325i imene anzathu a ku Joni amaitcha gusheshe. Galimoto yotere ikangokana kulira, kugalaja amatiuza kuti tikagule sitata. Ikakanabe, akuti koyilo. Kenako pampu ya mafuta. Zonsezi zikuchitika popanda kuyeza kanthu, ngati kupatsa munthu mankhwala a malungo musanamutenge magazi. Pamene masipeyala a galimoto zimenezi ngosowa: ukawasowa ku msika wa Ndirande ndi ku Limbe, uyenera kuitanitsa ku Johannesburg kapena ku Japan, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira.

Sindikunena kuti anyamata a m'magalajawa sadziwa ntchito. Ambiri anaphunzirira pa galimoto zamakono zimene umangolumikiza kakompyuta pansi pa chiwongolero, n'kukuuza pamene pali vuto. Pulagi ya mabowo 16 imeneyo, ya OBD-II, inakhala lamulo ku America mu 1996, ndipo galimoto zambiri zopangidwa kumbuyoko zilibe. Celica yanga ya 1991 ilibenso. Choncho mnyamata akafufuza polumikiza n'kupasowa, amayamba kulosera.

Komatu galimoto zimenezi zili ndi njira yake yonenera vuto. Mu Toyota za nthawi imeneyo, mukatsegula boneti mupeza kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Mukalumikiza timabowo ta m'menemo tolembedwa TE1 ndi E1 ndi kawaya kakafupi, n'kupotokola kiyi osaliza injini, getsi la injini la pa dashibodi limayamba kuphethira, ndipo inu mumangowerenga kuphethirako kuti mupeze nambala ya vutolo. Nambala 12 imatanthauza kuti kompyuta ya galimoto sikumva kuzungulira kwa injini kuchokera ku distributor, chipangizo chogawira moto kumapulagi. Nambala 14 ndi ya mbali ya moto wa kumapulagi. Nambala 22 ndi kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi. M'kabokosi komwemo, mukalumikiza +B ndi FP pampu ya mafuta imayenera kumveka ikulira m'thanki. Ikalira, bwanji mukundituma kukagula ina?

Zimenezi ndinaziphunzira kwa anzanga okonda galimoto zakale amene timakumana Loweruka masana pabwalo la mnzathu wina ku Chirimba. Palibe amene amalipira mnzake. Wina ndi mphunzitsi, wina amakonza mafiriji, wina amayendetsa lole, ndipo pakati pathu pamabwera mdala wina amene anagwira galimoto zimenezi zili zatsopano. Iwowa sagwira sipanala msanga. Amayamba ndi mafunso. Ikukana bwanji? Ukapotokola kiyi pakumveka chiyani? Imakana m'mawa kukuzizira kapena itatentha? Yakhala nthawi yaitali bwanji itaima? Munthu ukamaliza kuyankha, theka la masipeyala amene unauzidwa kuti ugule limakhala lachoka kale pa mndandanda.

Ngati wapotokola kiyi n'kungomva kuti tha, kamodzi, sitata osazungulira, nthawi zambiri sitatayo siinafe. M'kati mwa solenoid, kachipangizo kolumikiza magetsi ku sitata, muli timikuwa tiwiri timene timadyeka ndi zaka, ndipo tikasinthidwa sitata yomweyo imabwerera pa ntchito. Ngati ikuzungulira mwaulesi, yezani batire: yodzaza bwino imaonetsa mavoti 12.6, ndipo pamene sitata ikuzungulira isatsike kwambiri pansi pa 10. Batire ikakhala bwino, yang'anani waya wamkulu wa earth wochokera ku batire kupita ku thupi la galimoto ndi ku injini. Apa ndi pamene panali vuto la Celica yanga. Galaja ina inali itandigulitsa kale batire yatsopano ndipo inkafuna ndigulenso sitata. Mdala uja anangotenga waya wa jampa, n'kulumikiza mbali ya negative ya batire ku injini, galimoto n'kulira pomwepo. Waya wakale uja kunja ankaoneka wabwinobwino, koma titasenda chikopa chake tinapeza m'kati mwabiriwira ndi dzimbiri. Chinyontho cha chiperoni chimene chimatikuta mu June ndi July chimawononga mawaya mwakachetechete, ndipo galimoto zambiri kuno zimagona panja.

Nkhani imavuta kwambiri pamene injini ikuzungulira bwino koma osagwira. Pamenepo pamafunika kudekha, chifukwa chosowa chimakhala moto, mafuta kapena nthawi imene ziwirizi zikukumanirana. Mnzathu wa Prelude anavutika nayo galimoto yake m'nyengo yotentha ya October: m'mawa imalira bwino, koma akaimika padzuwa ku Ginnery Corner imakana mpaka kunja kuzizire. Amene anatipulumutsa ndi mnzathu wa mafiriji uja. Honda za zaka zimenezo zimadziwika ndi vuto la main relay, swichi yopereka magetsi ku pampu ya mafuta, imene imakhala pansi pa dashibodi. Mtovu wolumikizira m'kati mwake umang'ambika, ndipo kukatentha pampu simalandira magetsi. Anaitsegula, kuwotchereranso mtovuwo, basi. Wina wa MR2 anapeza kuti ma capacitor a m'kompyuta ya galimoto anatayikira pa bolodi, vuto lodziwika pa galimoto za ku Japan za kumayambiriro kwa m'ma 1990, ndipo anakasinthitsa kwa wokonza mawailesi.

Palinso za mafuta, zimene eni galimoto tiyenera kuzisamala tokha. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo galimoto ikaima miyezi ili ndi mafuta ochepa, thanki imachita dzimbiri ndipo mapaipi akale a labala amauma n'kung'aluka. Galimoto zathuzi siziyenda tsiku lililonse, ndiye zimaima kwambiri. Onjezani petulo wa m'zigubu amene anthu amagula m'mbali mwa msewu mafuta akasowa, mupeza sefa yatsekeka ndi zinyalala. Sefa ndi yotchipa poyerekeza ndi pampu, koma kawirikawiri imene imayamba kunamiziridwa ndi pampu.

Chimene chikundiwawa n'chakuti madala odziwa zimenezi akutha, ndipo nzeru zawo sizinalembedwe m'Chichewa paliponse pamene mnyamata wa ku Bangwe kapena ku Machinjiri angaziwerenge. Galimoto zabwino zikuwolera kuseri kwa nyumba, zina kugulitsidwa ngati zitsulo, chifukwa cha kawaya kapena ka relay.

Ndikupempha a TEVETA ndi aphunzitsi a pa Soche Technical College kuti aziitana amakanika opuma ntchito kudzaphunzitsa ana athu kuyeza magetsi ndi multimeter ndi getsi loyesera, pa injini zenizeni za carburettor ndi za injection yakale. Ife eni ake tili okonzeka kubwereketsa galimoto zathu pa maphunziro otere. Inunso a Mkonzi, tipatseni kadanga m'nyuzipepala yanu kamodzi pa mwezi, kuti owerenga azitumiza mavuto a galimoto zawo ndipo amakanika odziwa aziyankha m'chinenero chathu. Ndipo kwa amakanika a m'magalaja, musanatitume ku Ndirande, tionetseni kaye chimene mwayeza ndi chimene mwapeza.

Mwini Celica,
Zingwangwa, Blantyre