Kalata kwa Tadala: phiri lomwe linabadwira pansi pa nthaka

Wokondedwa mdzukulu wanga Tadala,

Kuno ku Nkhotakota tadzuka bwino, kungoti mwera wavuta sabata yonse, asodzi sakulowa panyanja, ndiye usipa wakwera mtengo.

Tsiku lija tikuchokera kumunda wa chinangwa unaloza phiri la Chipata n'kundifunsa ngati ndilo lalikulu kuposa onse. Sindinakuyankhe bwino, khasu linali litanditopetsa. Lalikulu m'Malawi muno ndi Mulanje, kummwera, komwe ndinkathyola tiyi ndili mnyamata. Nsonga yake ndi Sapitwa, yotalika mamita 3,002. Dzinalo likuti kumeneko sapitako, koma amphamvu m'miyendo amafika ndithu. Ine ndinathera ku Likhubula. Ndinaviika phazi pa Dziwe la Nkhalamba n'kulichotsa msangamsanga. Iwe wozolowera madzi ofunda a nyanja yathuyi ukhoza kulira!

Tsono tamvera ichi. Phiri limeneli linabadwira pansi pa nthaka. Zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, miyala yosungunuka ngati phala lamoto inakwera kuchokera pansi penipeni, koma sinatulukire kunja. Inazizirira momwemo pang'onopang'ono mpaka inauma gwa, ngati mkute wa kondowole. Kenako mvula ndi mitsinje zinayamba kukokolola dothi ndi miyala yofewa yomwe inali pamwamba, chaka ndi chaka, mpaka mwala wolimba uja unatsala poyera. Mvula ikadzagwa, ukayang'ane pamene madzi a padenga amagwera. Dothi limapita, timiyala timatsala titakhala pa timilu. Mulanje ndi zomwezo, kungoti wamkulu.

Pamwamba pake pamamera mkungudza, mtengo wa dziko lathu, womwe mwachilengedwe supezeka kwina kulikonse. Kabokosi komwe agogo ako aakazi amasungamo singano n'ka mtengo umenewo. Ukabwera udzakatsegule n'kununkhiza, fungo likadalimo. Zimandiwawa kuti anthu adula mikuluikulu pafupifupi yonse, moti pano akuchita kubzala mbande. Kulinso chinkhoma, kagwape koima pathanthwe ndi nsonga za ziboda, ndiponso kananzikambe kosaposa chala changa.

Ukukumbukira mtengo uja wa kuno, womwe David Livingstone anakambirana pansi pake ndi Jumbe za kugulitsa anthu? Ku Mulanje nakonso akapolo ankawadutsitsa pampata wa pakati pa phirilo ndi la Michesi. Mu 1893 Angerezi anamangapo linga, Fort Lister, kuti atseke njirayo. Zambiri ndidzakuuza ukakulako.

Akuluakulu a kumeneko ankatiuza kuti ukapeza chakudya chophikaphika m'phirimo, n'cha mizimu: udye wekha, usaitane mnzako, usatengeko. Ine ndinayenda maso ali pansi, njala ili m'mimba, koma sindinapeze ngakhale nthochi imodzi.

Upereke moni kwa amayi ako. Agogo ako aakazi akuti akusungira mpunga wa kilombero.

Ndine agogo ako aamuna.